"Ndikungofuna ndalama zanga": zomwe malamulo a ntchito amanena ukalembedwa, ukachotsedwa kapena ukadulidwa

Mwezi wathawu alamu anga anafika kunyumba kwathu ku Area 25 chakumadzulo, yunifolomu ya ulonda ili m'jumbo, nkhope ili yakugwa. Agwira zaka 7 pa kampani ina ya alonda, ndiye m'mawa wa tsikulo supavaiza anangowaimitsa pageti ku Kanengo nkuwauza kuti "achimwene, kasitomala wathetsa kontirakiti, bwezani nsapato ndi tochi, tidzakuimbirani." Kalata ayi, tsiku lodzatenga malipiro ayi. Atamwa madzi anati, "Alamu, ine sindikufuna milandu ndi munthu, ndikungofuna ndalama zanga basi." Nditawafunsa kuti ndalama zake ziti kwenikweni, anangondiyang'ana.

Ndipo si iwo okha. Mawu oti "ndalama zanga" mumawamva mu minibasi, pa WhatsApp, pa wailesi nkhani ya kudula anthu ntchito ikangotuluka, komatu mkati mwa mawu amenewa muli zinthu zisanu kapena kuposa, malipiro otsalira, notisi, masiku a tchuthi, severance, penshoni, chipepeso, chilichonse chili ndi lamulo lake ndi kawerengedwe kake. Bwana akhoza kukupatsa chimodzi iwe nkusaina kuti zonse zatheka, kapenanso iwe ukhoza kumavuta pa ndalama yomwe lamulo silinakupatse nkomwe. Nde tiyeni tizilekanitse bwinobwino.

Malamulowa anachokera kuti

Kale mawu oti thangata ankatanthauza kuthandizana pa ntchito, koma atsamunda atatenga malo ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Zomba anawasandutsa lendi, munthu wokhala pa malo a esiteti ankalipira pogwira ntchito ya mzungu. Nkhanza za mtunduwu ndi zina mwa zomwe zinautsa John Chilembwe mu 1915, ndipo thangata inadzatha mu 1962. Titalandira ufulu, mabungwe a antchito anaikidwa pansi pa chipani, kunyanyala ntchito kunali kudziputira mavuto, ndipo bwana ankatha kukuchotsa bola wakupatsa notisi, chifukwa chake sankakakamizidwa kukuuza.

Zinthu zinatembenuka mu 1992. Patangotha miyezi 2 chitulukire kalata ya maepiskopi yodzudzula boma, mu May antchito a fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito, moto unafalikira m'makampani ena mpaka kuno ku Lilongwe. Malamulo aakulu a dziko a 1994 atabwera, ndime 31 inati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo, motetezeka, kulandira malipiro oyenera, komanso kulowa kapena kusalowa bungwe la antchito. Pa ndime imeneyi ndi pomwe panamangidwa Labour Relations Act ya 1996, yomwe imakamba za mayunioni, sitiraka ndi khoti la zantchito, ndi Employment Act ya 2000, yomwe imakamba za iwe ndi bwana wako tsiku ndi tsiku. Employment Act inakonzedwanso mu 2010 ndi mu 2021. Asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende ali ndi malamulo awo, awa sawakhudza.

Chofunika kumvetsa ndi chakuti lamulo limaika mzere wapansi. Zili ngati mitengo ija boma limalengeza yogulira mbewu, venda akhoza kugula soya pamwamba pa mtengowo koma saloledwa kutsika. Kontirakiti yanu ikhoza kukupatsani zoposa lamulo, koma ikakupatsani zochepera, ngakhale munasaina ndi manja anu, mbali imeneyo ilibe mphamvu.

Wantchito ndi ndani, waganyu ndi ndani

Apa ndi pomwe milandu yambiri imayambira, chifukwa ufulu wonse tikambe pansipa ndi wa munthu amene lamulo likumuona ngati wolembedwa ntchito. Mukaitana mmisiri kudzamanga mpanda ku Area 49, mwagwirizana mtengo, wabwera ndi chipande chake ndi anyamata ake, wamaliza mwamulipira wapita, ameneyo si wantchito wanu, wakugulitsani luso lake basi. Koma munthu amene mumamuuza nthawi yolowa ndi yoweruka, zida ndi zanu, sangatume mnzake m'malo mwake, ndipo chakudya cha ana ake chimadalira inu mwezi ndi mwezi, ameneyo ndi wantchito ngakhale mutamamutcha waganyu, "volunteer" kapena "consultant." Employment Act imanena momveka kuti munthu wodalira mnzake pa chuma ndipo akugwira mofanana kwambiri ndi wolembedwa ntchito kusiyana ndi wodziimira payekha, awerengedwe ngati wantchito. Khoti limayang'ana mmene mumakhalirana, osati dzina lomwe mwalemba pa pepala.

Nchifukwa chake mtsikana wogwira ntchito zapakhomo ku Area 47, wa m'munda, mlonda wapanyumba, onsewa ndi antchito pamaso pa lamulo. Ambiri a ife timadandaula za mabwana athu ku ofesi koma kunyumba nafenso ndife mabwana, ndipo lamulo lomwelo limatimanga.

Kontirakiti ndi probation

"Sindinasaine kalikonse ndiye ndilibe polankhulira," mawu awa ndawamva kambirimbiri ndipo si oona. Pangano lapakamwa ndi kontirakiti ndithu. Zili ngati ukwati wa chinkhoswe, satifiketi ya ku DC palibe koma ankhoswe alipo, anthu akudziwa, ndi banja basi. Vuto la pangano lapakamwa ndi umboni, tsiku lokangana wina azidzati tinagwirizana 150 wina azidzati 120. Nchifukwa chake lamulo limati wolemba ntchito amene ali ndi antchito 5 kapena kuposa apereke chikalata pasanathe mwezi, cholemba malipiro, maola, ntchito yake ndi zina zotero. Akapanda kupereka wolakwa ndi iye, osati inu.

Makontirakiti alipo a mitundu 3, wopanda malire omwe timati pemanenti, wa nthawi yoikika monga chaka chimodzi, ndi wa ntchito inayake monga kumanga mlatho kapena sizoni ya fodya. Wa nthawi yoikika ukatha watha, si kuchotsedwa ntchito. Komano pali kachitidwe kaja komupatsa munthu kontirakiti ya miyezi 3, ikatha ina ya miyezi 3, mpaka zaka 6 ali pa desiki yomweyo. Opanga lamulo anaziona kale zimenezi, ndime 28 ya Employment Act imati ngati kontirakiti ya nthawi yoikika ikugwiritsidwa ntchito podzaza malo omwe ndi okhalitsa pa kampanipo, iwerengedwe ngati yopanda malire.

Probation ndi nthawi yoyesana, lamulo limailola kwa anthu a ntchito zaluso ndipo isapitirire miyezi 12. Mkati mwa nthawiyi aliyense, bwana kapena wantchito, akhoza kuthetsa pangano popanda notisi.

Malipiro, maola ndi tchuthi

Izi ndidutsamo mwachangu chifukwa ndi manambala chabe. Malipiro otsikitsitsa amalengeza ndi nduna ya zantchito itakambirana ndi mbali zonse, MCTU kuimira antchito, ECAM kuimira olemba ntchito. Mu 2021 anali K50,000 pamwezi, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 anakwera kufika K90,000 mu 2024, kenako K126,000 mu June 2025. Antchito apakhomo ali ndi mlingo wawo wotsikirapo, mu 2025 unali K72,800.

Maola ndi 48 pa sabata, ndipo munthu asagwire masiku oposa 6 motsatizana osapuma tsiku lathunthu. Zopitirira apo ndi ovataimu. Tiyerekeze ola lanu ndi K600, ovataimu ya tsiku wamba ndi K900, koma mukagwira pa tsiku lanu lopuma kapena pa holide ya boma ndi K1,200. Alonda ambiri amalowa 6 madzulo kutuluka 6 m'mawa, masiku 6, mukawerenga ndi maola 72, ndiye maola 24 apamwambawo ndi nkhani yoyenera kuifunsa.

Tchuthi cha pachaka ndi masiku 18 ngati mumagwira masiku 6 pa sabata, 15 ngati mumagwira 5. Mukakwanitsa chaka pantchito muli ndi masabata 4 odwala pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka, bola pakhale kalata yakuchipatala. Mayi woyembekezera ali ndi masabata osachepera 8 pa malipiro onse kamodzi pa zaka 3, ndipo kumuchotsa chifukwa cha mimba ndi mlandu. Kuyambira 2021 abambo nawonso ali ndi masabata 2 mwana akabadwa, kamodzinso pa zaka 3, ambiri sakudziwabe zimenezi.

Kuchotsedwa ntchito: chifukwa ndi kumva mbali yako

Apa ndiye pamtima pa nkhani yonse. Dziko lathu linavomereza pangano nambala 158 la ILO, bungwe la dziko lonse loona za ntchito, lokhudza kuchotsa anthu ntchito kalekale mu 1986, koma mfundo zake zinadzalowa bwinobwino m'malamulo athu mu 2000. Ndime 57 ya Employment Act imafuna zinthu ziwiri ndipo zonse zikhalepo. Choyamba chifukwa chomveka, ndipo zifukwa zake ndi za mitundu 3 yokha, khalidwe la munthuyo, kulephera kwake ntchito, kapena zosowa za kampani. Chachiwiri, ngati nkhani ndi ya khalidwe kapena kulephera ntchito, munthu apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe, ija timaitcha hearing.

Ganizani za bwalo la amfumu. Ngakhale mudzi wonse utamuona munthu ali ndi mbuzi ya eni, amfumu samagamula asanamufunse kuti nanga iwe ukuti bwanji. Kuntchito ndi chimodzimodzi. Tiyerekeze mtsikana wogulitsa mu shopu ku Old Town, stock yasowa makatoni 3 a mafuta ophikira, bwana wakwiya wamulanda makiyi nkumuuza kuti usadzapondenso pano. Mwina anabadi, mwina ayi, koma poti sanamuuze mlandu wake momveka, sanamupatse nthawi yokonzeka, sanamuonetse buku la stock kuti ayankhepo, khoti likhoza kunena kuti anachotsedwa mopanda chilungamo. Mabwana ambiri izi zimawapweteka mtima, amati munthu wandibera ndiye ndimulipirenso? Madandaulo awo ndi omveka ndithu, ndipo khoti limaganizira ngati wantchitoyo anathandizira yekha kuchotsedwa kwake nkuchepetsa chipepeso, koma njira yofunsa ija siidumphika. Kumbali inayo antchito ena amaganiza kuti hearing ndi malo okhululukidwa, ayi, akakumva bwinobwino nkupeza kuti walakwadi, akuchotsa ndipo lamulo lili kumbali yawo.

Pali milandu ina yomwe bwana amaloledwa kuchotsa popanda notisi, monga kulakwa kwakukulu, kunyozera ntchito mobwerezabwereza, kukana dala malamulo oyenera, kujomba popanda chifukwa, kapena kunama kuti uli ndi luso lomwe ulibe. Koma dziwani kuti chomwe chachoka apa ndi notisi yokha, hearing ija ikhalepobe.

Palinso zifukwa zomwe lamulo linazikaniratu, mtundu, chipembedzo, chipani, kukhala mkazi kapena mwamuna, kulumala, kulowa yunioni, kudwala kwa kanthawi, kapena chifukwa choti unakadandaula ku leba. Ndipo chinthu chimodzi chomwe anthu ambiri sachidziwa, ku khoti si wantchito amene ayenera kutsimikiza kuti sanalakwe, ndi bwana amene ayenera kubweretsa chifukwa ndi umboni, akalephera lamulo limangotenga kuti kuchotsako kunali kosalungama.

Nanga bwana akapanda kukuchotsa koma nkukutenthetsa mpando? Wakudula malipiro osakufunsa, wakutsitsa udindo popanda mlandu, akukunyoza pagulu tsiku ndi tsiku mpaka wasiya wekha. Ndime 60 imati ngati khalidwe la bwana lafika poti munthu wanzeru zake sangapitirize, kusiya kwakoko kumawerengedwa ngati wachotsedwa, pa Chingerezi amati constructive dismissal. Koma apa umboni uli pa iwe, ndipo kungokhumudwa ndi transfer kapena kudzudzulidwa sikukwanira.

Khoti likapeza kuti unachotsedwa mosalungama likhoza kulamula kuti ubwerere pa ntchito yako, upatsidwe ntchito ina yofanana, kapena ulandire chipepeso, ndipo nthawi zambiri zimathera pa chipepeso poti ubale umakhala utaonongeka kale. Lamulo linaika poyambira, malipiro a sabata 1 pa chaka chilichonse kwa amene wagwira zaka zosaposa 5, masabata 2 kwa wa zaka 5 mpaka 10, masabata 3 kwa wa 10 mpaka 15, mwezi wathunthu kwa woposa zaka 15. Awa ndi malire apansi, khoti likhoza kukweza likaona mmene munthu wavutikira.

Kudulidwa ntchito, notisi ndi severance

Nkhani ya alamu anga ili apa. Iwo sanalakwe kanthu, ntchito ndi yomwe yachepa, uku ndiye kudulidwa, retrenchment. Lamulo limalola, kampani siingakakamizidwe kusunga anthu pomwe ntchito palibe, koma chifukwacho chikhale chenicheni, osati kudula munthu lero mawa nkulemba mphwake wa manijala pa malo omwewo.

Notisi ndi yosavuta kumvetsa, ili ngati landilodi kukuuziratu kuti mwezi wamawa ndikufuna nyumba yanga. Wolandira pamwezi notisi yake ndi mwezi umodzi, olandira pa sabata kapena pa tsiku yawo ndi yaifupi koma imatalika zaka zikamachuluka. Bwana akafuna uchoke lero lomwe akupatse malipiro a mwezi wa notisiwo, ndipo nawenso ukafuna kusiya mwadzidzidzi ngongole yomweyo ili pa iwe.

Severance ndi kamba wapaulendo, yoti ikusunge pomwe ukusaka pena. Chisokonezo chake chili ndi mbiri. Pakati pa 2000 ndi 2010 panali kukokanakokana kwakukulu, makampani omwe anali ndi penshoni ankadandaula kuti akulipira kawiri, penshoni komanso severance, milandu inali mbwee m'makhoti. Kusintha kwa 2010 kunadzalekanitsa, severance inatsala ya anthu odulidwa chifukwa cha mavuto a zachuma kapena kusintha kwa kayendetsedwe ka kampani, ndi ochotsedwa mosalungama. Wosiya yekha salandira, wochotsedwa moyenera chifukwa cha khalidwe salandira, wa pa probation salandira, amene kontirakiti yake ya nthawi yoikika yangotha salandiranso. Anthu ambiri akadali ndi lamulo lakale m'mutu, nchifukwa chake mumamva wina akuti ndasiya ntchito koma akukana kundipatsa severance.

Kawerengedwe kake tinachita ndi alamu pa tebulo, kuseri kwa katoni ya sopo. Zaka 5 zoyambirira ndi masabata 2 pa chaka, apo masabata 10. Chaka cha 6 mpaka cha 10 ndi masabata 3 pa chaka, iwo ali ndi ziwiri, masabata 6. Kuyambira chaka cha 11 ndi masabata 4, kumeneko sanafike. Onse pamodzi masabata 16, pafupifupi malipiro a miyezi 3 ndi theka kupitirira pang'ono, kuwerengera pa malipiro omwe amalandira pomwe ankadulidwa osati omwe anayambira. Pamwamba pake mwezi wa notisi, masiku omwe anagwira mwezi umenewo, ndi masiku a tchuthi omwe sanatenge. Ataona manambala anakhala chete kanthawi kenako anati, "Ine ndimayesa akangondipatsa ya mwezi uno ndiye kuti zatha." Malipiro otsalirawa lamulo limati aperekedwe pasanathe masiku 7, ndipo ukapempha kalata yosonyeza kuti unagwirapo ntchito akupatse.

Penshoni, gratuity ndi kuvulala

Ngati severance ndi kamba, penshoni ndi nkhokwe. Isanafike 2011 penshoni inali ya aboma ndi makampani akuluakulu omwe ankafuna okha, Pension Act ya 2011 ndi yomwe inapangitsa kuti ikhale yokakamiza, bwana aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, ndalamazo zizipita ku kampani yosunga penshoni osati kukhala mu akaunti ya bwana. Lamulo latsopano la 2023 linafewetsa zina, amene ntchito yamuthera amadikira miyezi 3 m'malo mwa 6 kuti ayambe kupempha gawo la ndalama zake, ndipo popuma ntchito ndalama yotenga kamodzi inakwera kuchoka pa 40 kufika 50 peresenti. Ndalama ya penshoni ndi yanu, siifufutika chifukwa mwasiya kapena mwachotsedwa, ndipo mukasintha ntchito imakutsatirani.

Chomwe chimandiwawa ine pa nkhani imeneyi ndi ichi, pa payslip pamaoneka kuti 5 peresenti yadulidwa mwezi ndi mwezi, koma ndalamayo siinapite. A Reserve Bank, omwe amayang'anira za penshoni, akhala akulengeza kuti ngongole za mtunduwu zafika mabiliyoni ambiri. Munthu amadzazindikira tsiku lomwe ntchito yatha. Pemphani statement ku kampani yosunga penshoni yanu mukadali pantchito, ndi ufulu wanu.

Kwa antchito omwe bwana wawo sakakamizidwa kuwaika pa penshoni, monga apakhomo, pali gratuity, 5 peresenti ya malipiro a pamwezi pa mwezi uliwonse womwe munthu wagwira, yoperekedwa ntchito ikatha. Ndipo mukavulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito, nkhaniyo ili ndi lamulo lakelake, Workers' Compensation Act ya 2000, simufunika kutsimikiza kuti bwana anasasamala, chofunika ndi chakuti ngoziyo yachitika mukugwira ntchito ndipo yanenedwa msanga ku leba.

Kokadandaula, ndi miyezi 3 ija

Khomo loyamba ndi ofesi ya leba ya m'boma lanu, ndipo dandaulo la kuchotsedwa mosalungama lifike kumeneko pasanathe miyezi 3. Apa ndi pomwe mawu aja oti "tidzakuimbirani" amapweteketsa anthu, munthu amadikira foni, Disembala yadutsa, Janyuwale yadutsa, akamadzuka nthawi yatha. Wa leba ali ngati nkhoswe, amaitana mbali zonse kuti mugwirizane, ndipo zikakanika pakatha mwezi nkhani imatha kupita ku Industrial Relations Court, lomwe lili ndi nthambi kuno ku Lilongwe. Khotili linapangidwa kuti munthu wamba azitha kudziyankhulira popanda loya, ndipo wosakhutira pa mfundo ya lamulo amakachita apilo ku High Court. Poyamba woweruza ankakhala ndi anthu awiri, woimira antchito ndi woimira olemba ntchito, koma milandu inkachedwa akapanda kubwera, ndiye mu 2021 dongosolo limenelo linachotsedwa.

Zomwe zimapambanitsa mlandu nthawi zambiri ndi timapepala tomwe timataya, payslip, ID ya kuntchito, mameseji a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza malipiro, chithunzi cha rosita. Alamu anapezeka kuti akazi awo ankasunga ma payslip onse mu chitini cha mabisiketi pamodzi ndi makadi a sikelo a ana, ndipo ndi omwe asonyeza zaka 7 zija.

Sitiraka

Kunyanyala ntchito ndi ufulu, koma uli ndi njira yake. Lamulo limasiyanitsa mikangano iwiri. Ngati mukukangana pa chinthu chomwe chili kale m'lamulo kapena mu kontirakiti, monga ovataimu yosalipidwa, kumeneko ndi ku khoti. Ngati mukufuna chinthu chatsopano, monga kukwezedwa malipiro, ndi pomwe sitiraka imaloledwa, koma muyambe mwakanena ku unduna wa zantchito, papite masiku 21 oyesa kuyanjanitsa, zikakanika mupereke notisi ya masiku 7. Mukatsata zimenezi simungachotsedwe chifukwa chonyanyala, mukadumpha chitetezo chimenecho palibe. Ogwira ntchito zomwe zikaima moyo wa anthu ukhala pachiswe saloledwa kunyanyala. Kuti yunioni ikakamize bwana kukhala nayo pa tebulo imafunika kukhala ndi mamembala osachepera 20 peresenti ya antchito omwe ikuwaimira.

Kusintha kwa 2021 kunabweretsa mfundo yomwe inautsa mapiri pachigwa, wonyanyala amalipidwa masiku 3 okha pa chaka, opitirira apo bwana akhoza kudula.

Zomwe zikadali pa mkangano

Mfundo ya masiku 3 ija siinagonebe. Olemba ntchito amati palibe chilungamo kulipira munthu amene sakugwira, ndipo m'maiko ambiri zili choncho. Mayunioni amati kwa munthu amene malipiro ake satha nkomwe mwezi, kumudula ndi chimodzimodzi kumulanda ufulu wonyanyala, poti mabungwe athu alibe thumba losungira mamembala pa sitiraka. Kodi ufulu umakhalapobe ngati mwini wake sangakwanitse kuugwiritsa ntchito, nanga kampani yomwe yaima mwezi wathunthu malipirowo iwatenga kuti?

Funso lina ndi la kukambirana asanadule anthu. Pangano la ILO lija limati antchito afunsidwe kaye, mwina pali njira ina, mwina ena angalole kuchepetsa maola. Employment Act siinalembe zimenezi momveka, ndipo zigamulo za makhoti athu akuluakulu zakhala zikusiyana, china kunena kuti kufunsa nkofunika china kunena kuti lamulo lathu silikakamiza. Mpaka nyumba ya malamulo idzalembe poyera, wodulidwa ndi wodula onse akuyenda mongoyerekeza.

Palinso nkhani ya chipepeso ndi kugwa kwa kwacha. Munthu wachotsedwa mu 2019, mlandu watha mu 2025, kodi awerengere malipiro a nthawi ija omwe lero sagula ngakhale matumba awiri a feteleza, kapena akweze kuti zifanane ndi lero? Akakweza, akweze ndi zingati, ndipo kuchedwa kwa khoti alipire ndani? Oweruza akhala akugamula mosiyanasiyana.

Utenanti m'minda ya fodya unathetsedwa m'lamulo mu 2021, koma alimi ambiri a fodya ndalama amaiona kamodzi pachaka akagulitsa ku okushoni ku Kanengo, ndiye funso loti malipiro a mwezi ndi mwezi achokera kuti, ndipo ayendera ndani minda ya ku Kasungu ndi Mchinji kukaona ngati zasinthadi, likadalipo. Malipiro otsikitsitsa nawo ali ndi mbali ziwiri, wantchito wapakhomo sangakhalire ndalama ngati K72,800 ija ya mu 2025 mu Lilongwe, komanso mphunzitsi kapena kalaliki amene wamulemba akuti akakweza ndiye kuti amuchotsa.

Ndipo funso lalikulu kuposa onse, Amalawi ambiri sagwira ntchito za payslip. Mnyamata wa kabaza wa ku Mtandire amene njinga ndi ya bwana, amapereka target tsiku lililonse, yotsalayo ndi yake, ndi wantchito kapena wabwereka njinga? Kondakitala wa minibasi, mtsikana wa mu saluni wolandira pa mutu uliwonse womwe waluka, ejenti wokhala mu kachibanda ka eni, intern amene watha zaka 2 akugwira ntchito ya munthu wolembedwa, akavulala kapena akathamangitsidwa apite kuti, ndipo lamulo lomwe linalembedwa poganizira fakitale ndi ofesi lingawafikire bwanji popanda kupha timabizinesi tomwe tikuwadyetsa?

Ngakhale pa nkhani ya alamu pali funso lomwe latsala. Ku leba anapita, kalata yoitana kampani anapereka, ndipo a kampani sakukana masabata 16 aja, akungoti kasitomala amene anathetsa kontirakiti sanawalipire miyezi ingapo ndiye ndalama palibe. Lamulo likuti ngongoleyo ndi ya amene anawalemba ntchito, osati ya kasitomala. Koma zaka 7 zonsezo geti lomwe ankalondera, usiku ndi mvula, linali la kasitomalayo, ndipo ngati kampani ya alondayo itatseka mawa, amene anapindula ndi ulonda wawo ali ndi gawo lanji pa ngongoleyi?